Linunda la Bulesi

Mafuta a ng'ombe akadonthera pa makala n'kulira kuti tsii, utsi wake n'kundipeza kulikonse kumene ndakhala, amene amabwera m'maso mwanga ndi agogo anga aamuna, a Nzunga, atavala jasi lawo lakuda la ku Joni, atakhala pa benchi la chigogo pansi pa chisakasa cha pa Manjawira, chipewa chili pabondo, nkhope yawo ikuoneka ndi kubisika mu utsi. Ndimamva fungo la nyama yopsa bwino litasakanikirana ndi la tsabola wosinja, la mbatata yokwirira paphulusa, ndi la fodya wa mumphuno amene sankachoka m'zala zawo. Chapambali galamafoni ikuimba mokoka mawu chifukwa mwini wake waiwala kuipukusa. Ndinali kamtsikana kongoyamba kumene kusenza ndowa osataya madzi, ndipo limenelo linali tsiku langa loyamba kudya chakudya chokonzedwa ndi munthu amene sindinkadziwa ngakhale mayi ake.

Inu a masiku ano simungaonepo chachilendo, poti mumadya paliponse, mutaima, mukuyenda, ena mpaka mukulankhula pa foni nyama ili m'kamwa. Nthawi imeneyo dziko lino likadali Nyasalandi, ndipo kwathu, kumtunda kwa Manjawira, kudya pagulu la anthu osawadziwa chinali chinthu chochititsa manyazi. Pa anthu onse onyoza khalidwe limenelo, agogo ndiye anali patsogolo. Tikapita kumsika n'kuona anthu atazungulira moto wa a Langwani, bambo amene ankaotcha nyama n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu, agogo ankatembenuzira nkhope kwina, n'kulavula. "Taonani, akuluakulu a ndevu zawo kutafuna pamsewu ngati mbuzi. Kwawo kulibe makomo?" Ine ndinkavomera ndi mutu, koma mphuno yanga inkatsalira kumbuyo, ndipo ndinkameza malovu mpaka titakwera chitunda.

Agogo anali munthu wonyada, ndisakunamizeni. Anali wamtali, wouma thupi, makutu oboola monga mwa Angoni akale, ndipo ankayenda ngati dziko lonse akuliyendera kuti aone ngati lasesedwa bwino. Anakumbako miyala ku migodi ali mnyamata, n'kubwerako ndi jasi lija, chifuwa chosatha, ndi mawu angapo okalipira amene ankawasungira nkhuku. Ine ankanditchula kuti mkazi wawo, monga amachitira agogo ndi adzukulu, ndipo ndikawapatsa madzi mochedwa ankati andisudzula akakwatire wina wodziwa ntchito. Koma chikondi chawo chenicheni, chimene ngakhale ine mkazi wawo ndinkachita nacho nsanje, chinali m'khola.

Dzina lake anali Bulesi, ng'ombe yofula, yofiirira, ya banga loyera pamphumi. Inali ng'ombe ya bambo anga, a Damiano, mwana wamwamuna mmodzi yekhayo wa agogo. Bambo anaigula ikadali thole pamene anabwera ku Joni ulendo woyamba, ndipo pobwerera, ine ndili kumsana kwa mayi, anaisiya m'manja mwa agogo ndi mawu akuti aisunge, adzaiphe tsiku limene iwo adzabwere kudzakhazikika. Poyamba mawu ankafika ndi anthu ochokera kumeneko, nthawi zina ndi kansalu kapena bulangete. Kenako mawu anayamba kuchepa, kenako anatheratu. Wina ankati anawaona ku mgodi wina, wina ankati anamva zoti analowera ku Kapetauni, wina ankangogwedeza mutu. Kumudzi anayamba kuwatchula kuti mtchona, koma osati agogo akumva. Nkhope ya bambo ine sindinkaidziwa. Chimene ndinkadziwa cha bambo anga chinali Bulesi.

Ng'ombe imeneyo inkakhala ngati mfumu. Sinavalepo goli, sinakokepo ngolo. Anzake akamapita kukalima, iyo inkatsala pamthunzi wa msuku ikubzikula mwaulemu. M'mawa uliwonse, nkhungu ikadali yokutira mapiri, ndinkamva agogo akutsokomola cha kukhola, kenako mawu awo otsika akucheza nayo, kuiuza za mvula, za mitengo ya chimanga, za anthu amene awakwiyitsa dzulo lake. Ankaipatsa gaga m'chipande, kuinyambititsa mchere pachikhato, kuichotsa nkhupakupa imodziimodzi ndi zikhadabo. Pomaliza ankaisisita linunda, lija limakhala pamwamba pa mapewa, lonenepa, logwedera ikamayenda, n'kunena mawu omwewo tsiku ndi tsiku: "Ili ndi la Damiano. Iye adzadula, iwe udzakhala pambali pake, ife okalamba tidzanyambita zala." Ine ndinkayang'ana linundalo n'kumaona bambo wopanda nkhope, wovala nsapato zonyezimira, akundipatsa nthuli kunsonga ya mpeni.

Chaka cha njala yaikulu ija, pamene anthu ankasinthanitsa ng'ombe ndi dengu la chimanga, agogo anagulitsa ng'ombe zina zonse, anagulitsa njinga, anagulitsa ngakhale chitseko cha matabwa n'kubwerera ku cha mapesi. Bulesi anatsala. Tinkadya mizu ndi gaga yemweyo, ndipo ndikukumbukira azakhali ena akulankhula mokweza kuseri kwa nkhokwe kuti mkuluyu adzatikwirira tonse ng'ombe ili chiimire. Agogo anamva, koma anangotsina fodya wawo. Munthu aliyense wotsika lole ya ku Joni amene wadutsa m'mudzi mwathu ankamuimika, kumupatsa mpando, n'kumufunsa funso limodzi lokha: "Kodi kumeneko simunakumaneko ndi Damiano, mwana wa Nzunga? Wamtali, wa mpata m'mano?" Anthu ena ankachita kulambalala mudzi wathu pothawa funsolo.

Amene ankavutika mwakachetechete anali mayi. Iwo anali mtengwa, anachoka kwawo kudzakhala kwa amuna awo, ndiye amunawo kulibe. Sanali pabanja, sanali wamasiye. Alongo awo anabwerapo kangapo kudzapempha kuti awamasule abwerere kwawo, koma agogo ankangoloza kukhola. Bulesi ali moyo, Damiano akubwera, ndipo mkazi wa munthu amene ali m'njira samasulidwa. Mayi ankalima, ankasinja, ankapita ku Misa ku Nzama pa masiku aakulu, ndipo ndinkawaona akukalamba asanakwanitse n'komwe zaka zokalambira.

Ng'ombe nayo imakalamba. Mano a Bulesi anaperepeseka, maso anayamba kuchita nkhungu, ndipo tsiku lina m'nyengo yozizira, pobwera kokamwa madzi, anaponda pamphepete pa chigwembe pamene dothi linali litadyeka pansi. Anyamata oweta anabwera akuthamanga. Titafika tinamupeza atagona chammbali, mwendo wakutsogolo utapindika pamene sipayenera kupindika, akupuma mwamphamvu, fumbi likuuluka pamphuno pake. Amuna anamukoka ndi zingwe mpaka pamtunda. Aliyense ankadziwa kuti ng'ombe yothyoka chotero sidzukanso, ndipo ndinaona ena akubwerera kunyumba mwakachetechete kukatenga mipeni ndi mabeseni. Musawaweruze, nyama inkaoneka kamodzi pachaka.

Koma panali vuto limene aliyense ankalidziwa ngakhale panalibe wofuna kulitchula. Kwathu ng'ombe yosungira munthu inkaphedwa pakhomo pa zifukwa ziwiri zokha: mwini wake wafika, kapena mwini wake wamwalira. Magazi ake akagwera pabwalo la agogo bambo kulibe, ndiye kuti agogo avomera pamaso pa mudzi wonse kuti mwana wawo sadzabweranso. Anaima nthawi yaitali atatsamira ndodo, akuyang'ana Bulesi, Bulesi akuyang'ana iwo.

"Bwezani mipeni yanu," anatero. "Pano palibe maliro."

"Nanga tingoisiya iwole, bambo?" anafunsa mmodzi mwa amunawo.

"Pitani mukamuitane Langwani. Abwere ndi ngolo, aitenge yamoyo. Dontho la magazi lisagwe m'mudzi muno."

Amunawo anayang'anana. Kupereka ng'ombe yotere kwa wootcha nyama wa pamsewu, kuti ikadyedwe ndi apaulendo osadziwa ngakhale dzina lake, chinali chinthu chosamveka. Koma panalibe wolimba mtima kutsutsa. Dzuwa litapendeka a Langwani anafika ndi ngolo yobwereka, ndipo Bulesi, amene moyo wake wonse sanakokepo ngolo, anachoka m'mudzi mwathu atakwera, anzake awiri akumukoka. Mutu wake unali utatsamira pa thabwa lakumbuyo, banga loyera lija likuoneka mpaka ngolo inakhota pa mibawa. Agogo sanaperekeze. Analowa m'khola lopanda kanthu n'kuyamba kusesa.

M'mawa mwake linali tsiku la msika. Ndinadzidzimuka ndi ndodo ikugogoda pakhomo la mayi. Agogo anali atavala jasi, chipewa, ndi nsapato zimene ankavala pa Pasaka pokha.

"Mkazi wanga, samba m'maso, uvale delesi la kutchalitchi. Lero ndikukutenga tikadye kwa Langwani."

Mayi anali atagwada chapatali, nkhope atayang'ana kumbali monga amachitira mtengwa pamaso pa apongozi ake, koma ndinaona tsache likuwagwa m'manja. Anangondimanga mpango kumutu, ndipo agogo atapempha mchere, anawamangira pang'ono pa kansalu n'kundipatsa ine kuti ndinyamule.

Ulendo umenewo ndimaukumbukira ngati ndinaulota. Nkhungu inali itadzaza zigwa zonse, moti tinkatsika phiri ngati tikulowa m'madzi oyera, mitengo ikutulukira umodziumodzi n'kusowanso kumbuyo kwathu. Udzu unali wonyowa, ukundikwapula m'miyendo. Penapake pansi pathu mayi wina ankasinja, koma mtondo wake sitinkauona, tinkangomva kugunda kwake kukuyandama. Amayi osenza madengu a mbatata ankatipitirira, kupereka moni kwa agogo, n'kumezedwa ndi nkhunguyo. Agogo sanalankhule njira yonse, kupatula kamodzi pamene anaima kuti atsokomole, n'kundifunsa ngati ndikudziwa nyama imene tikukadya. Ndinati ndikudziwa. Anati chabwino, n'kupitiriza kuyenda. Pamene tinkafika kuchigwa dzuwa linali litaboola, kunja kwayamba kufunda, ndipo fungo lija linatichingamira tisanauone n'komwe msika.

Malo a a Langwani, amene lero mukanawatchula kuti pa kanyenya, anali chisakasa cha udzu choimika pa mphanda, mbali zonse pululu. Pakati panali mgolo wachitsulo wodula pakati, wodzaza makala a tsanya, pamwamba pake atayala waya wokhuthala. Nyama inkalendewera pa mtanda, mnyamata akuingitsa ntchentche ndi nthambi. Panalibe mbale. Munthu unkaloza pamene wafuna, iwo n'kudula, n'kuotcha uli pompo, n'kukuikira pa tsamba la nthochi pamodzi ndi mbatata yootcha ndi kamulu ka mchere wosinjira limodzi ndi tsabola wa kambuzi. Madzi osamba m'manja anali m'chitini chopachika pamtengo. Pamabenchi panali anthu amitundumitundu, oyendetsa ngolo, ogula fodya, mesenjala wa kwa DC atavula chisoti, ndi anyamata angapo amene anali atangotsika lole yochokera ku Joni, mabokosi awo achitsulo ataunjika pambali. Agalu anali atakhala mozungulira chapatali, aliyense ndi malo ake, ndipo akabawi ankazungulira m'mwamba.

Chikopa ndinachiona ndisanakhale pansi. Chinali chitakhomedwa ndi zikhomo kuseri kwa chisakasa, chofiirira, chachikulu kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinagwira jasi la agogo. Iwo anachionanso, koma anapitirira ngati sanaone.

A Langwani anali munthu wamfupi, wonenepa, wa diso limodzi loyera chifukwa cha kamwala ka mumgodi. Atationa anatsala pang'ono kugwetsa mpeni. Anapukuta manja pa thumba limene anamanga m'chiuno, n'kunjuta akuomba m'manja.

"A Nzunga! Inu pano? Kwagwanji?"

"Kodi pano pamadya osankhika okha? Ndabwera ndi mkazi wangayu, nkhuli yamuvuta."

Anthu anaseka, ena n'kusendera kuti tikhale. Agogo anakhala mowongoka, ndodo pakati pa miyendo.

"Ndikufuna linunda," anatero.

A Langwani anayang'ana pamoto, kenako pansi. Pakona pa waya, pamene makala anali ofatsa, panali chinthuli chachikulu chozungulira, chochekedwacheka pamwamba, mafuta akutsika m'mbali mwake.

"Pepani kwambiri, a Nzunga. Ndikanadziwa kuti mubwera sindikanalola. Latengedwa kale. Achimwene akhala apowo ndi amene alifuna, angotsika kumene lole."

Amene ankamulozayo anali mnyamata wa chipewa cha nthenga ndi malaya a mizeremizere, mwini wake wa galamafoni imene inkaimba pamwamba pa bokosi. Anali wosangalala ngati mwana, akuomba phazi pansi, ndipo atamva kuti akunena za iye anatembenuka akuseka.

"Madala, mwachedwa! Limeneli ndalilota zaka zonse ndili pansi pa nthaka. Ku komponi ya kumgodi nyama amatipatsa, koma ng'ombe za kumeneko n'zopanda linunda, misana yake ili see ngati tebulo. Tengani nthiti, n'zabwinonso."

Ndinkawadziwa agogo, ndipo ndinkadikira mawu aja osungira nkhuku. A Langwani anathamangira kwa mnyamatayo n'kumunong'oneza kukhutu kwa kanthawi. Ndinaona kuseka kukuchoka pankhope pake pang'onopang'ono. Anavula chipewa. Galamafoni inayamba kukoka mawu, woimbayo akumveka ngati akugona, mpaka inangoti zii, ndipo panalibe amene anaipukusanso.

Agogo anamuyang'ana mnyamatayo nthawi yaitali, kuyambira ku nsapato mpaka ku zipsera za m'manja. Ine ndinkadziwa chimene chikubwera, poti ndinali nditalimva funso lija kambirimbiri, la wamtali wa mpata m'mano. Ndinaona milomo yawo ikukonzeka. Koma chimene chinatuluka chinali china.

"Kwanu n'kuti, mwana wanga?"

"Cha ku Kandeu, bambo."

"Akudziwa kuti mukubwera?"

"Ayi, ndikangotulukira."

"Bambo anu alipo?"

"Ndinawasiya alipo. Sindikudziwa panopa."

"Akusungirani ng'ombe?"

Mnyamatayo anamwetulira mwamanyazi. "Kwathu n'kwa timbuzi, bambo."

Agogo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye sendera kuno, ukhale apa. Ng'ombe iyi inasungidwira wobwera. Langwani, bwera nalo. Koma mchere wakowo usathire."

Zimenezo a Langwani sanakhumudwe nazo, poti ankadziwa mwambo. Mchere wothira munthu wamkulu amene sukudziwa kumene wagona unkaopedwa, ankati umadwalitsa ana, ndipo dzanja lodalirika linali la mwana. Anabweretsa linunda lija pa masamba a nthochi, likuchita utsi, n'kuliika pa benchi pakati pa agogo ndi mnyamata uja. Agogo anandikodola. Ndinamasula kansalu ka mayi n'kuwaza mchere pamalo pomwe paja agogo ankasisita m'mawa uliwonse. Unasungunuka m'mafuta nthawi yomweyo.

Agogo anatulutsa mpeni wawo wopinda n'kudula nthuli yoyamba, yabwino kuposa zonse, ya pamwamba penipeni. Sanaipereke kwa ine, sanaipereke kwa mlendo. Anaiika pa kachidutswa ka tsamba, n'kuimirira, n'kutuluka m'chisakasamo mpaka pa mtengo wa mthethe umene unali kumbuyo. Anayang'ana kummwera, kumene lole zija zinkachokera. Anavula chipewa, anachita chizindikiro cha mtanda, kenako anawerama movutikira n'kuika nyamayo patsinde. Sanakweze mawu, koma pamalopo panali patangoti chete moti tonse tinamva.

"Damiano. Nzunga. Ng'ombe yako ndinaisunga mpaka yatopa. Nayi, landira. Mwana wako ndi uyu, wakula, ndi amene wathira mchere. Ine sindikuimikanso anthu panjira. Kumene uliko, gona."

Anawonjezera mawu ena a Chingoni, aja amanenedwa potsanzika munthu kumanda, amene ine sindinkawamva koma anyamata a ku Joni aja anawamva, chifukwa onse anaimirira n'kuvula zipewa. Mesenjala uja anasiya kutafuna. Ngakhale a Langwani anaima chilili, mpeni uli m'manja, nyama ina ikupserera pawaya. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndili pa maliro a bambo anga, ndavala delesi la kutchalitchi, pakati pa anthu osawadziwa, m'mbali mwa msewu. Galu wina wamathothomathotho anakwawira kumtengo kuja n'kutola nthuli ija. Ndinatola mwala, koma agogo anandigwira mkono. "Musiye. Yafika kale."

Atakhalanso pansi anadula nthuli yachiwiri n'kundipatsa kunsonga ya mpeni. Ndinene zoona, m'moyo mwanga sindinadyeponso chinthu chokoma chotero. Kunja kunali kokhukhutika, kwa fungo la utsi wa tsanya, m'kati mofewa moti mano analibe ntchito, mafuta otentha akutsikira kuchibwano. Ndinkalira ndikutafuna, ndipo sindinkadziwa kuti ndikulirira Bulesi, kapena bambo amene sindinawaonepo, kapena kukoma kumene. Yachitatu anapatsa mnyamata wa ku Kandeu, amene analandira ndi manja awiri atagwada.

"Idya, wabwera iwe," anatero agogo. "Ukatha apa usachedwenso m'njira. Usaime pa mowa, usaime kwa anzako. Pali munthu amene akutha maso kuyang'ana kumsewu."

"Ndamva, bambo. Zikomo, Nzunga."

Kenako anadula zina zing'onozing'ono n'kuuza a Langwani kuti azungulire nazo pamabenchi onse, monga zimachitikira pakhomo, kuti pasapezeke munthu wonena kuti sanalaweko. Oyendetsa ngolo, ogula fodya, aliyense polandira ankaomba m'manja n'kutchula mfunda wathu wa Nzunga. Pomaliza penipeni anadzidulira kanthuli kawo. Ndinawayang'anitsitsa, a Nzunga amene ankalavula akaona anthu akudya pamsewu, akutafuna pang'onopang'ono ndi mano awo otsalawo, anthu a kumsika akudutsa n'kumacheuka. Anatafuna nthawi yaitali kwambiri. Atameza anapukuta mpeni pa tsamba n'kunena kuti, "Anali wonona, eti mkazi wanga? Gaga wanga sanapite pachabe." Anafuna kuseka, koma chifuwa chinawatsekereza, ndipo anakhala akupukuta m'maso n'kumanamizira utsi.

Tinakhalabe pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Mnyamata uja anasenza bokosi lake pamutu, galamafoni m'manja, n'kulowera njira ya kwawo, ndipo sindinadzamuonenso, ngakhale dzina lake sitinamufunse. Moto unayamba kufatsa. Ine ndinatsamira jasi la agogo, m'mimba muli tha, ndikumvera mawu a anthu akukwera ndi kutsika, ngolo zikulira m'mawilo, mpaka tulo tinanditenga. Anandidzutsa ndi ndodo. M'thumba la jasi anali ataikamo nthuli imodzi yokulunga bwinobwino.

Tinafika kumudzi nkhuku zikulowa. Mayi anali pakhonde akupeta. Mwa masiku onse agogo akafuna kuwauza kanthu ankatuma ine, iwo ataima kutali. Tsiku limenelo anayenda mpaka pafupi, moti mayi anasowa kothawira, anangogwada pomwepo lichero lili m'manja. Agogo anatulutsa kaphukusi kaja n'kukaika palicheropo ndi dzanja lawo.

"Nangondo," anawaitana ndi mfunda wawo, mawu ali otsika. "Mwadikira mokwanira, mayi. Ndakusungani ngati ng'ombe, mundikhululukire. Tumizani mawu kwa alongo anu. Mawa timete."

Mayi anamasula tsamba lija n'kuona chimene chinali m'katimo. Anachiyang'ana, anachinyamula, analuma pang'ono n'kumeza. Kenako anaika manja kumutu. Kulira kumene kunatuluka m'kamwa mwawo kunali kwa zaka zonse zija, ndipo kunamveka mpaka kutsidya la dambo. Amayi a m'mudzi anayamba kutuluka m'nyumba zawo mmodzimmodzi, akumanga nsalu m'chiuno, osafunsa n'komwe kuti wamwalira ndani.

M'mawa mwake tinametedwa mipala, ine, mayi ndi agogo, pansi pa msuku uja. Mvula itagwa mayi anamasulidwa, ndipo patapita nthawi anakwatiwa ndi kalipentala wina wa kufupi ndi Nzama, munthu wofatsa amene anandilera bwino. Ndinkabwerabe kudzawaona agogo, ndipo ankandilandira ndi madandaulo akuti mkazi wawo wawathawa. Kwa Langwani sanapiteko kachiwiri. Anayambiranso kulavula akamadutsapo, koma ankayamba akweza chipewa.

Za bambo sitinamve kalikonse mpaka lero. Sitinamve kuti anafa, sitinamve kuti anali moyo. Mwina anatsala pansi pa mwala, mwina anakalamba kwinakwake ali ndi ana ena olankhula chinenero china, amene sadziwa kuti ku Ntcheu kuli mlongo wawo wa imvi. Ndinakhala nazo zimenezi mpaka zinasiya kundiwawa. Chisakasa chija chinagwa kalekale, mthethe uja anaudula, pamalopo pali timagolosale ndi anyamata ogulitsa mazira owiritsa. Koma ndikakwera basi yopita ku Blantyre, tikamayandikira pamenepo ndimasiya kulankhula, ngakhale nkhani itakoma bwanji, ndipo ndimakonza mpango kumutu monga timachitira podutsa pamanda. Tsiku lina mdzukulu wanga wamng'ono, amene ndinali naye paulendo, anandigwedeza n'kufunsa chimene ndangokhalira chete. Ndinamulozera pawindo, pakati pa golosale ndi pokonzera njinga, pamene panali mayi wina atakhala pa thumba la makala akuyamwitsa mwana.

"Vula kapusi," ndinamuuza. "Bambo anga tinawaika apo."